Kamphaka Katsopano Pakhomo: Mafunso Anu, Mayankho Athu

Makalata amene tasankha m'kope lino onse akukhudza tiana ta mphaka. Pali chinthu chimodzi chimene chikubwerezedwa m'makalatawa, ndipo chimatidetsa nkhawa: zina mwa zimene zimapha kamphaka m'miyezi yoyambirira zimachokera m'manja mwa munthu wokafunira zabwino. Mkaka wolakwika, mankhwala a anthu, mankhwala a galu. N'chifukwa chake mayankho ena tawatalikitsa dala.

FUNSO: Mphaka wa mnzanga waswa ana 4 ndipo wandilonjeza kamodzi. Tianato tili ndi masabata 5, ndipo mnzangayo akuti ndikatenge tsopano popeza tayamba kunyambita chakudya. Kodi nthawi yakwana?

YANKHO: Sinakwane. Kunyambita chakudya ndi chiyambi chabe cha kusiya bere. Pemphani mnzanuyo akasunge mpaka kakwanitse masabata 8, ndipo akalola kufika masabata 10 kapena 12, ndiye bwino koposa. Pa masabata 5 kamphaka kamadalirabe mkaka wa make, mimba yake sinazolowere chakudya cholimba, ndipo kakachotsedwa kamatsegula m'mimba n'kuonda msanga. Palinso maphunziro amene inu simungakapatse. Kakaluma kanzake mopweteka posewera, kanzakeko kamalira n'kuleka masewerawo, ndipo apo m'pamene kamaphunzirira malire a mano ndi zikhadabo. Tiana tochotsedwa msanga nthawi zambiri timakula tikuluma manja a anthu ndi kuyamwa mabulangete.

Podikirapo muzipita kukakaona. Pakati pa masabata 2 ndi 7 ndi pamene kamphaka kamazolowera anthu, ndipo kongonyamulidwa modekha mphindi zochepa tsiku lililonse pa msinkhu umenewu kamakula kofatsa.

Tsiku lokatenga, kayang'anitsitseni. Maso akhale owala opanda manthongo, mphuno yopanda mamina, pansi pa mchira pouma. M'makutu mukakhala zinyalala zakuda zonyenyeka, kawirikawiri mumakhala tizirombo ta m'makutu. Tukulani mlomo muone nkhama: zizikhala zofiirira, osati zoyererako. Mimba yotupa pamene nthiti zikuwerengeka ndi chizindikiro cha njoka za m'mimba. Kamphaka ka masabata 8 koleredwa bwino kamalemera pakati pa magalamu 800 ndi kilogalamu 1. Funsani chimene kakudya, ndipo pemphani kansalu kamene kamagonera; fungo la make lidzakatonthoza usiku woyamba.

FUNSO: Ndatola kamphaka kamene maso ake angotseguka kumene. Make sakuoneka. Kakulira kwambiri ndipo thupi lake ndi lozizira. Ndikapatse chiyani?

YANKHO: Choyamba musakapatse kanthu. Kafunditseni kaye. Kamphaka kozizidwa sikagaya mkaka. Mkakawo umangokhala m'mimba, kapena umabwerera n'kulowa m'mapapo. Kaikeni m'kati mwa malaya anu pakhungu, kapena pafupi ndi botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, ndipo kafunde pang'onopang'ono kwa ola limodzi kapena kupitirira. Kakakhala kolefuka, pakani pankhama pake dontho la madzi a shuga. Kakayamba kutakataka, m'pamene mungakamwetse.

Maso a kamphaka amatseguka pakati pa masiku 7 ndi 14, choncho kanuko kali ndi pafupifupi masabata 2. Mukadziwa pali mphaka wina woyamwitsa amene ana ake ndi a msinkhu wofanana, yesani kumupatsa; ambiri amalandira, makamaka mukayamba mwakapaka kansalu ka ana akewo. Apo ayi, gulani mkaka wa ufa wopangidwira tiana ta mphaka, umene umapezeka kwa madokotala a ziweto. Mkaka wa ng'ombe sukwanira. Mapuloteni ndi mafuta ake ndi ochepa poyerekeza ndi a mphaka, ndipo umatsegulitsa m'mimba, kamwana kotere n'kutha madzi m'thupi tsiku limodzi lokha.

Sungunulani mkakawo monga alembera pachitini, ndipo ufunde ngati thupi la munthu. Donthezani pamkono panu kuti mumve. Bowo la nsonga ya botolo likhale loti mukazondotsa botolo mkaka uzidontha limodzilimodzi, osati kutsanuka. Kagonekeni chafufumimba, mutu utadzuka pang'ono, monga kamachitira kakamayamwa kwa make. Osakagoneka chagada ngati khanda la munthu, ndipo osafinya botolo. Mukaona mkaka ukutulukira m'mphuno, siyani pomwepo, chifukwa ndi mmene chibayo chimayambira.

Mimba yake imalandira pafupifupi mamililita 4 pa magalamu 100 alionse a thupi. Kolemera magalamu 200 kasamwe opitirira mamililita 8 nthawi imodzi. Sabata yoyamba ya moyo kamamwa maola 2 kapena 3 alionse, usiku womwe. Sabata yachiwiri ndi yachitatu, maola 3 kapena 4 alionse. Kayezeni pasikelo ya kukhitchini nthawi yofanana tsiku lililonse n'kulemba. Kayenera kuonjezera magalamu 10 mpaka 15 patsiku. Kakaima masiku awiri osaonjezera, kapena kakatsika, pitani nako kwa dokotala wa ziweto musanaone chizindikiro china chilichonse.

Chimene ambiri amachiphonya ndi ichi: mpaka masabata 3 kapena 4, kamphaka sikatha kukodza kapena kuchita chimbudzi pakokha. Make amakanyambita pansi pa mchira kuti zituluke. Inu tengani thonje lonyowa ndi madzi ofunda, musisite pamenepo modekha nthawi iliyonse kakamaliza kumwa, mpaka katakodza. Pa masabata 4 yambani kusakaniza mkakawo ndi chakudya chofewa cha tiana ta mphaka m'kambale kosaya, n'kumachepetsa mkaka pang'onopang'ono.

Kwa ena amene angapeze tiana totere: tikakhala tofunda, tokhuta, togona phee pamalo abwino, make angopita kukasaka. Penyererani muli patali maola angapo musanatitole.

FUNSO: Kamphaka kanga ka miyezi 2 ndimakapatsa mkaka wa ng'ombe m'mawa, ndipo madzulo nyama ndi chiwindi. Nthawi zina kamadya chakudya cha galu wanga. Kakutsegula m'mimba. Ndikulakwitsa pati?

YANKHO: Yambani ndi kusiya mkakawo. Mphaka akasiya kuyamwa, thupi lake limachepetsa mphamvu yogayira shuga wa mumkaka, ndipo shuga wosagayikayo amakoka madzi kulowa m'matumbo. Chakumwa cha mphaka ndi madzi oyera, osinthidwa tsiku lililonse.

Nyama yokha nayonso ili ndi vuto, ngakhale mphaka ndi nyama yodya nyama. Akagwira mbewa amadya ndi mafupa ndi zam'kati zomwe. Mnofu wokha uli ndi kashiamu wochepa kwambiri, ndipo kamphaka kokulira pa mnofu kamakoka kashiamu m'mafupa ake; pakapita masabata angapo kamayamba kutsimphina, kukana kudumpha, ngakhale kuthyoka mwendo pongotsika pampando. Chiwindi cha tsiku ndi tsiku chimachulutsa vitamini A, amene pakapita nthawi amaumitsa mafupa a khosi ndi msana. Kanthongo kamodzi pasabata n'kokwanira. Nsomba zina zosaphika zimawononga vitamini B1 m'thupi, choncho nsomba iziphikidwa ndi kuchotsedwa minga. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka mosongoka n'kubaya m'matumbo.

Chakudya cha galu kulawa kamodzi sikuvulaza, koma sichingakhale chakudya chake. Mphaka amafunika michere yotchedwa taurine yochokera m'chakudya, pamene galu amadzipangira yekha m'thupi. Akasowa taurine kwa miyezi, maso amachita khungu ndipo mtima umafooka.

Njira yosavuta ndi chakudya chogula cholembedwa kuti ndi chokwanira cha tiana ta mphaka, mpaka kakwanitse miyezi 12. Kadyetseni kanayi patsiku kufikira miyezi 3 kapena 4, katatu kufikira miyezi 6, kenaka kawiri. Chakudya chouma mungachinyowetse ndi madzi ofunda pamene mano adakali aang'ono. Posintha chakudya tengani masiku 7, mukuonjezera chatsopano pang'onopang'ono m'chakale; kusintha tsiku limodzi kumatsegulitsanso m'mimba. Zotsala za patebulo zokhala ndi anyezi kapena adyo musakapatse, chifukwa zimaphwanya maselo ofiira a magazi. Chokoleti nachonso ndi poizoni kwa mphaka. Kutsegula m'mimbako kukapitirira maola 24 mutasiya mkaka, kapena mukaona magazi, kusanza, kapena kulefuka, kafunika dokotala tsiku lomwelo.

FUNSO: Chibwerereni masiku awiri apitawa kamphaka kanga kakungobisala kunsi kwa bedi. Komanso mphaka wanga wamkulu akukadzumira. Kodi adzagwirizana?

YANKHO: Kubisala masiku oyamba si matenda, bola kakudya ndi kukodza. Musakatulutse mokoka. Kapatseni chipinda chimodzi chokhala ndi chakudya, madzi, chimbudzi chake ndi katoni yogonamo, ndipo muzikhala pansi m'chipindamo mukulankhula motsitsa mawu mpaka kabwere kokha.

Chipinda chomwecho chikuthandizaninso pa mphaka wamkuluyo. Asiyanitseni sabata imodzi kapena ziwiri, poyamba chifukwa kachilendoko kangakhale ndi chimfine, utitiri kapena chipere zimene sizinaonekere, komanso chifukwa amphaka amadziwana ndi fungo asanadziwane ndi maso. Muzisinthanitsa nsalu zimene amagonera. Adyetseni mbali ziwiri za chitseko chotseka. Kenaka tsegulani pang'ono aonane, ndipo pomaliza akumane mphindi zochepa inu mulipo. Kudzuma ndi kuopseza ndi dzanja n'kwachibadwa. Kuthamangitsana ndi kulumana ndi chizindikiro choti mwafulumira, bwererani pambuyo. Aliyense akhale ndi mbale yake.

Musanakalole kuyendayenda m'nyumba, chotsani ulusi, singano, timphira ndi zingwe. Ulusi ukamezedwa umakola pansi pa lilime, matumbo n'kukwinyikira pa iwo mpaka kuchekeka. Mukauona ukutulukira kumatako, osaukoka. Maluwa a lily asalowe m'nyumba ya mphaka: kungonyambita ufa wake wachikasu paubweya kumatha kupha impso m'masiku ochepa.

FUNSO: Ndakaikira beseni la mchenga koma kakuchita chimbudzi pakona ya chipinda. Ndikakwapule kuti kaphunzire?

YANKHO: Ayi. Kukwapula kapena kukanunkhitsa chimbudzi chake kumangokaphunzitsa kukuopani, ndipo kadzayamba kubisala pochita. Mphaka amabadwa ndi mtima wofukula ndi kukwirira, ndiye akakana beseni pali chimene chamulepheretsa.

Onani kutalika kwa beseni. Mbali yolowera isapitirire masentimita 7 kapena 8 kwa kamphaka kakang'ono. Mchenga ukhale wakuya pafupifupi masentimita 5, wosalala, wopanda mafuta onunkhira. Mchenga wogula uja woumbika ukanyowa dikirani nawo mpaka miyezi 3, popeza tiana timalawa chilichonse ndipo umatha kutseka matumbo. Beseni likhale pamalo a phee, kutali ndi chakudya ndi madzi, koma pafupi moti kangafike msanga. Wolani zoipa tsiku lililonse, ndipo tsukani beseni lonse kamodzi pasabata ndi sopo wamba. Mankhwala otsukira amene amayera ngati mkaka akathiridwa m'madzi nthawi zambiri amakhala ndi phenol, amene ndi poizoni kwa mphaka. Pakhomo pa amphaka awiri pafunika mabeseni 3.

Kaikeni m'besenimo kakangodzuka, kakangomaliza kudya, ndiponso kakatha kusewera. Pakona paja tsukani kwambiri kuti fungo lithe, n'kuikapo beseni lenilenilo kwa masiku angapo. Koma kakamakhala m'beseni kakuchima popanda chotuluka, kapena kakulira pokodza, amenewo ndi matenda, osati mwano.

FUNSO: Kodi katemera ayambe liti? Ndili ndi mankhwala a utitiri otsala amene ndimadonthezera galu pakhosi. Ndingakadonthezere pang'ono kamphaka?

YANKHO: Chonde musatero, ngakhale dontho limodzi. Mankhwala ambiri a utitiri a agalu ali ndi permethrin, amene chiwindi cha mphaka sichitha kumuchotsa m'thupi. Pakangopita maola ochepa mphaka amayamba kutuluka dovu, kunjenjemera, kukomoka, ndipo ena amafa. Ngakhale galu amene wangopakidwa mankhwalawa asagone pamodzi ndi mphaka kwa masiku 3. Zikachitika mwangozi, kasambitseni ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale, kapukuteni, n'kuthamangira nako kwa dokotala.

Utitiri wokhawo suyenera kupeputsidwa, chifukwa pa kathupi kotere umayamwa magazi mpaka nkhama kuyera. Pesani ubweya ndi chipeso cha mano othithikana pamwamba pa pepala loyera lonyowa; timadontho takuda tikasanduka tofiira, ndi ndowe za utitiri. Mankhwala ambiri a amphaka amayambira pa masabata 8 ndipo amaperekedwa potengera kulemera. Kwa kocheperapo, chipeso chomwecho tsiku ndi tsiku ndicho chida chanu. Chapani zogonera zonse m'madzi otentha, popeza mazira ndi mphutsi za utitiri zimakhala m'nsalu ndi m'ming'alu, osati pa mphaka.

Njoka za m'mimba tiana tambiri timazitenga kudzera mumkaka wa make. Mankhwala amayamba pa masabata 3, kubwereza masabata 2 alionse mpaka pafupifupi masabata 9 kapena 10, kenaka mwezi uliwonse kufikira miyezi 6. Tizidutswa toyera tonga mpunga pansi pa mchira ndi ta njoka ya mtundu wina imene imabwera kamphaka kakameza utitiri. Imeneyi imafuna mankhwala otchedwa praziquantel, ndipo imabwereranso utitiri ukapanda kutha.

Katemera woyamba, woteteza ku panleukopenia (matenda oopsa ogwira matumbo ndi magazi) ndi tizirombo tiwiri ta chimfine cha amphaka, amaperekedwa pa masabata 6 mpaka 8, n'kubwerezedwa masabata 3 kapena 4 alionse mpaka masabata 16. Ambiri amasiyira pa jakisoni woyamba, ndipo pamenepo m'pamene pali ngozi. Chitetezo chimene kamphaka kanayamwa kwa make chimatha kufooketsa katemera woyambayo, ndipo palibe angadziwe sabata imene chidzathe. Jakisoni womaliza ndi amene amatseka mpatawo. Wa chiwewe amaperekedwa kuyambira masabata 12, ndipo ameneyu amateteza banja lonse. Ngati kazidzatuluka panja, funsaninso za katemera wa leukemia ya amphaka, matenda a m'magazi. Kasatuluke mpaka katemera atatha.

FUNSO: Kakuyetsemula, maso ali manthongo okhaokha, ndipo thupi likutentha. Ndingakapatse theka la panado?

YANKHO: Ayi, ngakhale kachidutswa. Panado, ndiye kuti paracetamol, amapha mphaka. Thupi la mphaka lilibe njira yokwanira yomuphwanyira, ndiye amawononga magazi mpaka kulephera kunyamula mpweya. Nkhama zimada, nkhope ndi mapazi zimatupa, kupuma kumavuta. Mankhwala obweza poizoniyu alipo koma amathandiza akaperekedwa m'maola oyambirira. Aspirin ndi ibuprofen nawonso musakapatse.

Dziwaninso kuti thupi la mphaka ndi lofunda kuposa lathu, madigiri 38 mpaka 39, choncho dzanja lingakunamizeni. Zimene mwafotokozazo zikufanana ndi chimfine cha amphaka. Pukutani maso ndi mphuno ndi thonje loviika m'madzi owiritsa ozizira, diso lililonse thonje lake. Fundutsani chakudya kuti fungo limveke, chifukwa mphaka wotsekeka mphuno amakana kudya. Pitani nako kwa dokotala lero kapena mawa. Diso lomatika ndi mafinya likazengerezedwa limatha kuchita chilonda n'kufa. Kosakwana miyezi 3 kakakana chakudya maola 12, musadikirenso.

FUNSO: Kamaluma ndi kukanda ana posewera. Ndilinso woyembekezera, ndipo ena akuti ndikachotse pakhomo.

YANKHO: Mayi, palibe chifukwa chokachotsera. Chimene anthuwo akuopa ndi toxoplasmosis, matenda obwera ndi kachirombo kamene kamapezeka m'chimbudzi cha mphaka ndipo kangavulaze mwana m'mimba. Kachiromboka kamafuna tsiku limodzi mpaka masiku 5 kali kunja kuti kayambe kupatsirana, ndiye beseni lowoledwa tsiku lililonse limachepetsa ngoziyo kwambiri. Ntchitoyo mupatseni wina. Ngati palibe, valani magolovesi n'kusamba m'manja ndi sopo. Nyama yosapsa ndi dothi la m'dimba zimafalitsanso kachirombo komweka, choncho samalani nazonso.

Za kuluma, anawo asiye kuseweretsa zala. Azigwiritsa ntchito kandodo komangirira nthenga kapena kampira, ndipo akamaliza kandodoko kazisungidwa. Dzino likangokhudza khungu, masewera athe pomwepo. Ikani thabwa kapena chipika chokulungidwa chingwe chokhakhala kuti kazinolerapo zikhadabo, ndipo muziwenga nsonga zake zokha masabata 2 alionse, osafika pofiirira pamene pali magazi. Pokandidwa tsukani ndi sopo. Wolumidwa ndi mphaka wosadziwika kapena wosabayidwa wa chiwewe atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

FUNSO: Ndauzidwa kuti mphaka wamkazi ayenera kuswa kamodzi asanatsekedwe kuti asaberekenso. Ndi zoona? Sindikudziwanso bwino ngati kanga ndi kakakazi.

YANKHO: Tukulani mchira. Mabowo awiriwo akakhala oyandikana, lam'munsi lili ngati kamzere, ndi kakakazi. Akakhala otalikirana, lam'munsi lozungulira, ndi kakamuna. Wa mawanga atatu, akuda, ofiira ndi oyera, pafupifupi nthawi zonse amakhala wamkazi.

Zoti ayambe waswa si zoona. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, iye mwini asanakhwime, ndipo sasankha. Mlongo wake wa bere limodzi amamukwera. Bere limatenga masiku 63 mpaka 65, ndipo angatengenso lina akadayamwitsa. Kumutseka pa miyezi 4 kapena 5, asanayambe kufuna mphongo, kumachepetsa kwambiri khansa ya mabere ndi kuchotseratu matenda a mafinya m'chiberekero. Mapiritsi ndi majakisoni oletsa kubereka sitikulimbikitsa, chifukwa akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amabweretsa matenda omwewo. Wamphongo akathenedwa pa msinkhu womwewo amachepetsa kuwaza mkodzo m'makoma, kusowa pakhomo ndi ndewu, ndipo ndewu n'zimene zimafalitsa kachirombo ka FIV, kofooketsa chitetezo cha thupi la mphaka, kudzera m'mabala olumana.

Funsani dokotala maola oti kakhale osadya opaleshoni isanachitike. Kwa tiana amakhala ochepa kusiyana ndi amphaka aakulu, chifukwa shuga m'thupi amatsika msanga. Pambuyo pake kakhale m'nyumba masiku 10 mpaka 14, kavale chotchinga pakhosi kuti kasanyambite ulusi wosokera, ndipo muziyang'ana bala m'mawa ndi madzulo. Likatupa, kufiira kwambiri kapena kutuluka madzi, bwererani nako. Chakudya muziyeza ndi kapu kuyambira pamenepo, popeza mphaka wotsekedwa amakonda kudya koma thupi lake limafuna chocheperapo.